Mbiri ya Austin Seven, Kagalimoto Kodalira Manja a Mwini Wake

Mwezi uno tifuna kukamba ndi inu, abale owerenga, mbiri ya kagalimoto kena ka ku England, dzina lake Austin Seven. Kanayamba kupangidwa m'chaka cha 1922, ndipo kanalekeka mu 1939, chaka chimene inabuka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kapena wina adzafunsa kuti, Kodi ife okhala kumudzi, amene ambiri tiyenda pansi kapena panjinga, tili nako chiyani kagalimoto kakalekale ka Angerezi? Tiyankha kuti eni ake ambiri anali anthu onga ife: aphunzitsi, alembi a m'maofesi, anamwino ndi eni timasitolo. Iwo anagula pa mtengo wochepa chinthu chimene makolo awo sanachilote konse, koma anapeza pambuyo pake kuti mtengo wotsala ayenera kuulipira ndi manja awo sabata ndi sabata. Pakuti wopangayo anachepetsa mtengo pakusiya zitsulo zambiri zimene zinali m'magalimoto aakulu, ndipo ntchito ya chitsulo chilichonse chosiyidwacho inagwera mwini wake.

Tiyambe ndi mmene zinthu zinalili itatha nkhondo yoyamba mu 1918. Galimoto masiku amenewo inali ya mabwana, ndipo ambiri a iwo anali kulemba munthu woiyendetsa ndi kuisamala, kotero kuti bwanayo sanadziwe za m'kati mwake. Munthu wamba wofuna kuyenda ndi banja lake anali kugula njinga yamoto, namangirira kangolo pambali pake. Mkazi ndi khanda anakhala m'kangolomo, mwana wamkulu kumbuyo kwa atate wake, onse pamvula ndi pamphepo, m'dziko limene kuzizira kwake kumaumitsa madzi kukhala ngati mwala. Panalinso timagalimoto tina tosalimba, ta matabwa ndi malamba, toyenda ndi injini ya njinga yamoto, koma sitinali kukhalitsa. Tsono mu 1921 boma linaika msonkho watsopano, wa paundi imodzi pa chaka pa kavalo aliyense wa mphamvu ya injini, ndipo akavalowo anali kuwawerenga poyesa kukula kwa mibowo ya masilinda ndi kuchuluka kwake. Ford Model T, galimoto yotsika mtengo ya ku America imene inali itafala kale, inali ya mibowo yaikulu, motero mwini wake analipira mapaundi 23 chaka ndi chaka. Apa panatseguka khomo la injini yaing'ono.

Amene analowa pakhomopo ndiye Herbert Austin. Iye anabadwa mu 1866, napita ku Australia ali mnyamata, kumene anazolowera zitsulo pogwira ntchito ya makina ometera ubweya wa nkhosa. Atabwerera kwawo anatsegula fakitale yake ya magalimoto mu 1905 pamalo otchedwa Longbridge, pafupi ndi mzinda wa Birmingham. M'nthawi ya nkhondo fakitaleyo inali kusula zipolopolo za mizinga, ndipo antchito ake anapitirira 20,000. Koma nkhondo yomweyo inamlanda mwana wake wamwamuna mmodzi yekhayo mu 1915. Mtendere utabwera anaika mtima wake wonse pa galimoto imodzi yaikulu, Austin Twenty, imene sinagulidwe monga anayembekezera, ndipo pofika 1921 kampani inali m'manja mwa oyang'anira ngongole. Pamene anauza akuluakulu anzake kuti chimene chidzawapulumutsa ndi kagalimoto kakang'ono, iwo anakana kutulutsa ndalama. Chotero anatenga ntchitoyo napita nayo kunyumba kwake ku Lickey Grange, pamodzi ndi mnyamata wojambula mapulani wa m'fakitalemo, Stanley Edge, wa zaka 18 zokha. Awiriwa anajambula kagalimotoko miyezi ingapo m'chipinda chochitiramo masewera, ndipo Edge ndiye anakakamira kuti injini ikhale ya masilinda 4 monga ya galimoto yeniyeni, isakhale ya masilinda 2 monga ya njinga yamoto. Popeza Austin anaikapo ndalama za m'thumba mwake, kampani inali kumpatsa mapaundi 2 ndi mashilingi 2 pa kagalimoto kalikonse kogulidwa.

Kanaonetsedwa kwa anthu mu Julaye 1922, ndipo ambiri anakaseka, nakayerekeza ndi kangolo kokankhiramo mwana. Kuchokera pa magudumu akutsogolo kufikira akumbuyo panali mafiti 6 ndi mainchi 3, ndiwo utali wa munthu wamtali atagona pamphasa. Kulemera kwake kunali makilogalamu 360, monga matumba 7 a chimanga ndi pang'ono pamwamba, kotero kuti amuna awiri amphamvu anakhoza kutukula kumbuyo kwake ngati katitimira m'matope. Injini yoyamba inali ya 696 cc, ndipo mu 1923 anaikuza kufika 747 cc, yotulutsa mphamvu ya akavalo 10 ndi theka. Koma pa kawerengedwe ka boma msonkho wake unali mapaundi 8 okha. Munali malo a akulu awiri kutsogolo ndi ana aang'ono kumbuyo, pansi pa denga la chinsalu. Mtengo woyamba unali mapaundi 225, ndipo pasanapite nthawi anautsitsa kufika 165. Mu 1923 tinapangidwa pafupifupi 2,500. Pa msewu wosalala kanali kuthamanga pafupifupi mamailosi 50 pa ola, ngati mphepo siikukankha kuchokera kutsogolo.

Tsono tiyeni tione tsiku la mwini wake kuyambira m'mawa. Choyamba anayenera kutsegula kampopi ka petulo, pakuti thanki inali patsogolo pa mawondo a woyendetsa, pamwamba pa injini, ndipo petulo anali kungotsika yekha monga madzi atsika m'ngalande, pampu panalibe. Woiwala kutseka kampopiko madzulo kawirikawiri anapeza petulo atadontha pansi usiku wonse. Pakati pa chiwongolero panali timikono tiwiri, kena kowonjezera petulo, kena kofulumizitsa kapena kuchedwetsa moto wa mapulagi. Masiku ano injini imadziyesera yokha nthawi ya motowo, koma pamenepo woyendetsa anali kuiyesa ndi khutu, pomva kulira kwa injini pokwera phiri ndi potsika. Pofuna kuliza injini anachedwetsa moto, napita kutsogolo, nagwira handulo, ndicho chitsulo chopukusira injini, naikoka mokweza ndi mphamvu. Apa panali choopsa. Ngati waiwala kuchedwetsa moto, petulo anayaka pisitoni isanafike pamwamba, injini nibwerera m'mbuyo, handulo nimenya dzanja monga tcheya wa bulu. Ndipo anthu ena anathyoka mkono motero. Chifukwa chake anali kuphunzitsana kuti chala chachikulu chisazungulire handulo, koma chikhale mbali imodzi ndi zala zinzake, kuti chitsulocho chikabwerera chingopulumuka m'dzanja. Chakumapeto kwa 1923 anaikamo cholizira cha magetsi, koma batire la mavoti 6 linali kufooka pa kuzizira, motero handulo sinatayidwe.

Za madzi oziziritsa injini n'zokondweretsa kwa ife aphunzitsi, chifukwa ndi phunziro lomwe lija timaonetsa ana ndi mphika pamoto, lakuti madzi otentha amakwera ndipo ozizira amatsika. Austin sanaikemo pampu ya madzi. Madzi akatentha m'kati mwa injini anali kukwera okha ndi paipi yapamwamba kulowa mu rediyeta, mphepo niwaziziritsa, natsika, nabwereranso ku injini ndi paipi yapansi. Palibe chitsulo chothyoka pamenepo, koma panali lamulo limodzi losaphwanyika: madzi asachepe kufikira pansi pa paipi yapamwamba ija, pakuti akatero kuzungulira konse kumaleka, monga mtsinje woduka m'chilimwe, ndipo injini imawira. Choncho mwini wake anasuzumira mu rediyeta m'mawa uliwonse. M'nyengo yozizira ambiri anali kukhuthula madzi onse madzulo ndi kuthira ofunda a m'ketulo m'mawa, popeza madzi akauma amatupa, nang'amba ngakhale chitsulo cha injini.

Koma mtima weniweni wa kagalimotoka unali pa oyilo, ndipo pano tichedwepo pang'ono. M'kati mwa injini muli mtanda wachitsulo wokhotakhota, wotchedwa crankshaft, umene mapisitoni amaupalasa monga miyendo ipalasa mapedulo a njinga. Pamene mikono ya mapisitoni igwira mtandawo pafunika oyilo nthawi zonse. Akasowa kwa kanthawi kochepa, chitsulo chofewa cha pamenepo chimasungunuka, injini niyamba kugogoda ngati munthu wosula khasu. M'magalimoto ambiri pampu imakankha oyilo mwamphamvu kudzera m'mibowo yoboola m'kati mwa mtandawo. Mu Austin Seven anachita mwina. Pampu inali kutumiza oyilo ku timipopi tiwiri tating'ono, ndipo timipopito tinali kumfwaphula m'malere, kuti timaenje tosemedwa pa mtanda timuwakhe pamene mtandawo uzungulira. Angerezi anatcha kachitidweka dzina lachipongwe, lotanthauza kulavula malovu ndi kungokhulupirira kuti afika. Kanali kugwira ntchito ndithu, pokhapokha timipopito tikhale totseguka. Koma bowo lake linali laling'ono, ndipo kachitsotso kamodzi kanakhoza kulitseka. Motero pamwamba pake panali timabawuti tiwiri, timene mwini wake anali kumasula nthawi ndi nthawi, napisamo kawaya kowongoka, monga mayi atokosa bowo la sitovu ya parafini. M'timagalimoto toyamba munalibe wochi yosonyeza mphamvu ya oyilo. Munali kabatani kamene kanatuluka kunja pampu ikamakankha. Woyendetsa wanzeru anali kukakhudza ndi chala ali pa ulendo, makamaka usiku. Ndipo taonani chodabwitsa: oyilo akakankha mwamphamvu koposa masiku onse injini ili yotentha, sichinali chizindikiro chabwino, koma chakuti kampopi kena katsekeka.

Mtanda womwewo unagwiridwa pansonga ziwiri zokha, pakati pake popanda chochirikiza, monga mtanda wa denga wopanda mzati wapakati. Woyendetsa akathamangitsa injini mopitirira, kapena akaikakamiza kukoka phiri m'giya yaikulu ndi moto wofulumira, mtandawo unali kuweta pang'onopang'ono kufikira tsiku lina uthyoka. Mu 1930 anaunenepetsa, ndipo mu 1936 anawonjeza chogwirira chachitatu pakati. Koma amisiri ambiri odziwa timagalimototi amakondabe injini yakale ya zogwirira ziwiri ija.

Kunyamuka kunali mayeso oyamba a wophunzira. Chopondera cha kilatchi chinali kugwira ndi kumasula m'kadanga kosakwana inchi imodzi, kotero kuti wokweza phazi msanga anadumpha ngati chule, injini nizima, anthu a m'mbali mwa msewu naseka. Magiya anali 3 opita kutsogolo ndi imodzi yobwerera m'mbuyo, ndipo munalibe chothandiza mano a magiya kukumana mofatsa. Pofuna kutsitsa giya paphiri munthu anaponda kilatchi, nabweza mkono wa giya pakati, nakweza phazi, naliza injini pang'ono kuti mano a mbali zonse ziwiri azungulire mofanana, napondanso kilatchi, nalowetsa giya. Zonsezi zinayenera kuchitika m'kamphindi, kagalimoto kasanataye liwiro. Wolakwitsa anamveka ndi mudzi wonse, chifukwa mano achitsulo anali kukukutika koopsa.

Tifike tsono pa mabuleki, pamene pali chotamanda ndi chodzudzula pamodzi. Chotamanda n'chakuti mu 1922 kagalimotoka kanali ndi mabuleki pa magudumu onse 4, pamene magalimoto ambiri aakulu ndi okwera mtengo anali nawo kumbuyo kokha. Chodzudzula n'chakuti kufikira 1930 mabulekiwo sanali olumikizana: chopondera cha phazi chinagwira magudumu akumbuyo okha, ndipo akutsogolo anagwidwa ndi mkono wokoka ndi dzanja. Munthu akaona mwana wathamangira pamsewu anayenera kuponda ndi phazi, kukoka ndi dzanja limodzi, ndi kuwongola ndi dzanja lotsalalo. Mbale za mabuleki zinali zazing'ono ngati mbale za ndiwo, ndipo mphamvu inafika kumeneko ndi nsambo zachitsulo zimene zinali kutamuka. Chimango cha kagalimoto nacho chinali kuweta pang'ono, nichimeza gawo la mphamvu ya phazi. Kukonza kwake kunali kwa chipiriro. Mwini wake anakweza kagalimoto pa jeke, wina namgwirira buleki pang'ono, iye nazungulitsa gudumu lililonse ndi manja, nakunga kapena kumasula nsambo kufikira magudumu a kumanja ndi kumanzere agwira mofanana; pakuti lina likagwira koposa linzake, kagalimoto kanali kupatukira kudzenje. Oyilo wodontha kuchokera m'ekiselo yakumbuyo analinso kunyowetsa zikopa za mabuleki, nizingoterera. Ife tiyesa kuti pano Austin anaumira mopitirira, chifukwa cholakwa cha injini chimavuta mwini yekha, koma cholakwa cha mabuleki chimagwera ndi woyenda pansi yemwe. Oyendetsa abwino anaphunzira kuona kutali, kuchepetsa liwiro ndi magiya, ndi kusiya danga lalikulu patsogolo pawo.

Tisaiwale kuti masiku amenewo munthu anali kugula chilolezo choyendetsera popanda kuyesedwa konse. Magalimoto atachuluka, imfa nazo zinachuluka, ndipo mu 1934 anthu 7,343 anafa pamisewu ya ku Britain. Pamenepo nduna ya za maulendo, Leslie Hore-Belisha, inakhwimitsa malamulo, kotero kuti mu 1935 liwiro la m'mizinda linaikidwa pa mamailosi 30 pa ola, ndipo kuyambira pa 1 Juni chaka chomwecho woyendetsa watsopano aliyense anayenera kupambana mayeso.

Ntchito ya Loweruka masana inali ya girizi. Pansi pa kagalimoto panali timawere tambiri tachitsulo, ndipo mwini wake anagona chagada pa chiguduli, napopera girizi m'kamodzikamodzi kufikira wakale wakuda atuluka. Ofunika koposa anali malo a zikhomo ziwiri zimene magudumu akutsogolo amakhoterapo. Zikhomozo zikauma zinali kudyeka, gudumu niliyamba kugwedera, ndipo pamapeto pake bowo lenileni la m'ekiselo linakula, ntchito nikhala ya mmisiri wa ng'anjo. Ngakhale zonse zili bwino, kagalimotoka sikanali kuyenda mowongoka ngati muvi. Masipuling'i akumbuyo ndiwo anagwira ekiselo, ndipo pokhota, sipuling'i ya mbali imodzi ikaphwatalala ndi kulemera, inakankha gudumu lake m'mbuyo pang'ono, kotero kuti magudumu akumbuyo nawo anayamba kuwongolera. Wophunzira anali kulimbana ndi chiwongolero, nakhotera uku ndi uku. Wozolowera anachigwira mofewa ndi nsonga za zala, nalola kagalimoto kadzipezere njira, monga mlimi wodziwa ng'ombe zake sakoka chingwe nthawi zonse.

Panalinso ntchito ina yaikulu imene masiku ano yaiwalika, ndiyo kupala mwaye m'injini. Petulo ndi oyilo wa nthawi imeneyo anali kusiya mwaye wouma pamwamba pa mapisitoni ndi pa mavalavu, ndipo atayenda mamailosi zikwi zingapo injini inayamba kufooka ndi kulira ngati muli timisomali. Mwayi wake unali wakuti mavalavu a Austin Seven anali pambali pa masilinda, motero mutu wa injini unali chivundikiro chabe, chopanda chitsulo choyenda. Mwini wake anakhuthula madzi, namasula manati, nachotsa mutuwo, napala mwaye ndi chitsulo chosathwa kuti asakande pisitoni. Atatero anatulutsa mavalavu onse 8, nawabaya pa katoni mwa mndandanda wake kuti iliyonse ibwerere pakhomo pake. Ndipo anapaka mankhwala onga phala la mchenga wosalala m'mphepete mwa valavu, naikhazika pamalo pake, naipekesa ndi kamtengo pakati pa zikhato, monga makolo athu anali kupekesa moto, kufikira mkombero wotuwa waoneka kuzungulira konse wosadukiza. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi wofulumira anabwereza kawiri. Phalalo linayenera kutsukidwa lonse, chifukwa lotsala likadya injini yomwe. Potsiriza anaika gasiketi yatsopano, namanga manati pang'onopang'ono kuyambira apakati kumka kunja, kuti mutu ukhale mofanana, madzi angalowe m'masilinda. Zipangizo za ntchito yonseyi zinakwana m'kathumba kamodzi, ndipo munthu amene sanalowepo sukulu ya umisiri anakhoza kuitsiriza tsiku limodzi, akuwerenga kabuku ka malangizo kamene kanadza ndi kagalimotoko.

Pa ulendo, zovuta za masiku onse zinali zimene wanjinga aliyense azidziwa: msomali wa nsapato ya kavalo kuboola chubu, ndi masipoko kumasuka. Gudumu linagwidwa ndi manati 3 okha, kotero kulisintha sikunachedwe. Choopedwa chinali kuthyoka kwa mtanda wina wa m'ekiselo yakumbuyo, umene umatenga mphamvu kupita nayo ku gudumu. Nsonga yake inali yosongoka, yolowa m'chigubu cha gudumu monga khasu lilowa mumpini, ndipo inamangidwa ndi nati imodzi yaikulu. Natiyo ikamasuka pang'ono, chigubu chinayamba kusewera, mng'alu nuyamba, ndipo tsiku lina ponyamuka paphiri injini inangolira, kagalimoto kali chiimire. Kusintha mtandawo kunafuna kumasula ekiselo yonse, pomwe kumanga natiyo kunafuna sipanala yaikulu ndi mphindi zochepa.

Za magetsi tingonena ziwiri. Dayinamo yake sinali kudziletsa yokha, motero panali kabatani ka nyengo: m'nyengo yozizira, pamene usiku wa ku England utalika ndipo nyali ziyaka nthawi yaitali, munthu anatsegula mphamvu yonse, ndipo m'nyengo yotentha theka lokha, batire lingawire. Chinanso n'chopukutira galasi, chimene m'timagalimoto tambiri chinali kuyenda ndi mpweya wokokedwa ndi injini; pokwera phiri, woyendetsa akaponda petulo yense, chinali kuima, mvula ili mkati, ndipo potsika chinathamanga ngati chapenga.

Chaka ndi chaka kampani inali kubweza zina za zimene inasiya poyamba, chifukwa opikisana nawo anali atafika: Morris Minor mu 1928, ndi Ford yaing'ono mu 1932, imene mu 1935 inagulitsidwa mapaundi 100 okha. Mu 1928 moto wa mapulagi unayamba kuchokera ku batire m'malo mwa magneto. Mu 1932 thanki inasamukira kumbuyo, kutali ndi moto, ndipo anaikamo pampu ya petulo ndi giya yachinayi. Mu 1933 anayamba kuikamo chothandiza magiya kulowa mosakukuta. Mu 1934 kunatuluka mtundu wotchedwa Ruby, wa denga lolimba ndi maonekedwe osalala. Koma chowonjezera chilichonse chinadza ndi kulemera kwake, injini ili yomwe ija ya 747 cc, kotero kuti Ruby, ngakhale anali wofunda ndi wosadontha, analibe changu cha timagalimoto toyamba. Pofika 1939 tonse pamodzi tinali titapangidwa pafupifupi 290,000.

Mbewu yake inamera ndi kumaiko ena. Ku Germany fakitale ya ku Eisenach inagula chilolezo mu 1927, nitcha kagalimotoko Dixi. Mu 1928 fakitaleyo inagulidwa ndi kampani ya BMW, ndipo aka ndiko kanali kagalimoto koyamba ka kampani yotchukayo. Ku France kanatchedwa Rosengart. Ku America anayesa mu 1930 m'tauni ya Butler, koma anthu a kumeneko, ozolowera petulo wotsika mtengo ndi maulendo aatali, sanakakonde. Ku England komweko William Lyons anayamba mu 1927 kuvala timatupi tokongola pa chimango cha Austin Seven, ndipo kampani yake ndiyo inadzatchedwa Jaguar. Arthur Waite, mkamwini wa Austin, anapambana nako mpikisano waukulu wa ku Phillip Island ku Australia mu 1928.

Nkhondo itabuka mu 1939 petulo anayamba kugawidwa moyeza, ndipo mu 1942 wa maulendo a munthu payekha analetsedwa. Timagalimoto tambiri tinakwezedwa pa njerwa m'mashedi, matayala angaphwe, nitikhala momwemo zaka zingapo. Herbert Austin anamwalira mu 1941. Nkhondo itatha magalimoto atsopano anali osowa, popeza boma linafuna kuti agulitsidwe kunja, choncho timagalimoto takale tija tinatsitsidwa pa njerwa, nitigwiranso ntchito zaka zambiri, kufikira mtengo wake unatsika kotero kuti mnyamata wa sukulu yaikulu anakhoza kugula. Pamenepo kuphweka kwake kunabala chipatso china. Anyamata anali kuchotsa thupi lolemera, natsitsa chimango, namanga lawolawo la zitsulo zopepuka. Ndipo bungwe la 750 Motor Club, loyambidwa mu 1939 ndi kutchedwa dzina la kukula kwa injiniyo, linakhala ngati sukulu yawo. Colin Chapman anapanga galimoto yoyamba ya Lotus mu 1948 pa chimango cha Austin Seven yakale. Ku New Zealand, Bruce McLaren anayamba mipikisano mu 1952, ali wa zaka pafupifupi 15, ndi Austin Seven imene anaikonza pamodzi ndi atate wake. Ndipo mu 1959 ndi 1960 Mngerezi wina, John Coleman, anayendetsa kagalimoto ka 1925 kuchokera ku Buenos Aires kufika ku New York, mtunda wa mamailosi pafupifupi 11,000, kudutsa mapiri ndi zipululu, akudzikonzera yekha m'njira. Tsokonombwe anathadi mtunda ndi kudumpha.

Chimene chinatha timagalimoto tambiri ndi lamulo la 1960, lakuti galimoto iliyonse yopitirira zaka 10 iyesedwe mabuleki, nyali ndi chiwongolero. Izi ndizo zinthu zomwe zija zinadalira girizi wa Loweruka ndi kukunga nsambo, ndipo eni ambiri a zaka zotsirizazo, ogula pa mtengo wotaya, anali atazileka. Timene tinalephera tinapita kwa ophwanya zitsulo, chifukwa kukonza kunaposa mtengo wa kagalimoto komwe. Timene tinapambana, ndi tina tobisika m'nkhokwe za alimi, ndito tasungidwa kufikira lero.

Nyumba zambiri za fakitale ya ku Longbridge zinagwetsedwa kampani yotsiriza yaikulu ya pamenepo itagwa mu 2005. Koma mu Julaye 2022, pokumbukira zaka 100, timagalimoto toposa 1,000 tinasonkhana ku Moreton-in-Marsh. Zitsulo zake zikupangidwabe ndi amisiri a timafakitale tating'ono, kuphatikizapo mtanda wa injini wolimba koposa wa Austin mwini, ndipo eni ake akumasulabe timabawuti tiwiri tija ndi kupisamo kawaya. Pa mabuleki pokha ndi pamene sagwirizana. Ena achotsa nsambo naikamo mabuleki oyenda ndi mafuta, akuti misewu yadzaza ndipo magalimoto a masiku ano amaima mwadzidzidzi. Ena akana, akuti nsambo zokungidwa bwino zimakwanira, ndipo pofika ku msonkhano amayamba kugwada kusuzumira kuseri kwa magudumu a anzawo asanapereke moni.